Yambirani pa mtondo, Madamu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Bayoloje ndi Zaulimi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Lilongwe. Akuti ana awo a Fomu 3 amaloweza manotsi ngati nyimbo, koma ukawafunsa kuti sayansi ikukhudzana bwanji ndi moyo wa kwawo, amangoti kukamwa yasa. Mnyamata wina anachita kuwauza kuti, "Madamu, sayansi ndi ya azungu, ife timangolandira." Ndiye funso lawo n'lakuti, ayambire pati kuti anawa aone kuti sayansi imasintha anthu, nawonso anthu amaisintha?

Madamu, mnyamatayo musamukalipire. Wanena zimene maso ake aona: feteleza amabwera m'thumba, katemera amatsikira pa ndege ku Lumbadzi, foni imachokera ku China. Mukamutsutsa ndi mawu okha, adzalemba zanuzo pa mayeso koma mumtima adzatsala ndi zake. Ine ndikanakhala inu, ndikanabwereka mtondo, munsi ndi lichero n'kulowa nazo m'kalasi.

Nkhani yake ndi iyi. Kwa zaka zambiri alangizi ankalimbikitsa alimi kudzala chimanga cha haibulidi chifukwa chimabereka kwambiri. Alimi ambiri ankangovomera ndi pakamwa. Amene ankadzala, ankadzala chokagulitsa ku ADMARC, koma chakudya cha pakhomo chinali cha makolo basi. Ena ankati alimi athu ndi osamva za chitukuko. Koma amayi amene ankakonola ankadziwa chimene ankakana. Haibulidi wa nthawi imeneyo anali wa maso ofewa. Ukamuthira mumtondo ankangonyenyeka, zambiri n'kupita ku gaga, mphale n'kutsala yochepa. Mukamuika m'nkhokwe, anankafumbwe ankachita naye phwando. Ndiye kuchuluka kwa zokolola kumunda kunkathera palichero, pomwe banja likufuna ufa woyera.

Akatswiri ofufuza za chimanga m'dziko muno, amene likulu lawo lili ku Chitedze panjira ya ku Mchinji, mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico, anasintha zimene ankafufuza. Mu 1990 anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18, zamaso olimbirako, zokonoleka ngati chimanga cha makolo koma zobereka ngati haibulidi. Apa m'pamene mungamufunse mnyamata uja kuti, pa nkhaniyi analandira kwa mnzake ndani?

Musangowafotokozera. Pezani kilogalamu imodzi ya chimanga cholimba ndi ina ya chofewa, akonole, apete, kenako ayeze mphale ndi gaga pasikelo n'kulemba. Anyamata nawonso agwire munsi, asangoima pambali n'kumaseka. Mudzadabwa kuti atsikana ena okulira ku Area 25 munsi sanaugwirepo, amangodziwa kuchigayo, ndipo zimenezo zokha ndi phunziro lina: chigayo chitafala, ntchito ya amayi inasintha motani? Akafunse agogo awo.

Chitsanzo china n'chachifupi koma ndimachikonda. Mu 2011 dziko la Malawi linayamba njira yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo, moyo wake wonse, osadikira kuyeza CD4, komwe ndi kuyeza mphamvu ya chitetezo cha m'thupi. Chifukwa chimodzi chachikulu chinali chakuti makina oyezera CD4 anali osowa m'zipatala za kumidzi. Njirayi inatchedwa Option B+, ndipo patapita nthawi bungwe la WHO linailimbikitsa ku mayiko ena. Kusowa kwathu komweko kunabala nzeru imene anzathu anadzatengera.

Tsono musawanamize kuti maganizo a anthu nthawi zonse amakankhira sayansi kwabwino. Mu Meyi 2021, pa chipatala cha Kamuzu Central, boma linawotcha poyera katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene anali atatha mphamvu. Anafika atatsala ndi masabata ochepa okha, komanso mphekesera za pa WhatsApp zinali zitawopseza anthu ambiri. Anamuwotcha anthu akuona n'cholinga choti wina asadzanene kuti akubayidwa katemera wowonongeka. Chonsecho, Lilongwe yomweyi, ku Mitundu, mu Epulo 2019 kunakhazikitsidwa ntchito yopereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana, Malawi kukhala dziko loyamba, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Afunseni ana anu kuti n'chifukwa chiyani anthu amodzimodzi amakhulupirira jakisoni wina n'kukayikira wina.

Pamenepa pokha yendani mosamala, Madamu. M'kalasi mwanumo muli ana amene makolo awo anakana katemera, ena pa zifukwa za chipembedzo. Mukaseka amene anakana, mwaseka mayi ake a mwana amene wakhala kutsogoloyo, ndipo sadzatsegulanso pakamwa. Afunseni kuti mphekeserayo inachokera kwa ndani, anthu ankaopa chiyani, nanga tingaiyese bwanji kuti tidziwe ngati ili yoona.

Za kolera ndiye simufunika buku. Mu Januwale 2023 masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu, anawo akukumbukira. Ajambule mapu a dera lawo, aike zitsime, makiyosiki a madzi ndi zimbudzi, kenako akambirane chifukwa chake kachilombo kamodzimodzi kamasautsa kwambiri kumene anthu ali othinana.

Mwadandaulanso kuti silabasi ndi yaitali ndipo a MANEB sadikira munthu. N'zoona. Koma za mtondozi zikulowa m'mutu wa kusankha mbewu umene mukuyenera kuphunzitsa kale, ndipo piriyodi ziwiri zikukwana. Mukadzayeza, mundilembereko kuti mphale inatuluka magalamu angati mbali iliyonse. Ine ndikanayesa ndekha, koma mtondo wathu anaubwereka achemwali chaka chatha ndipo mpaka lero akuti akubweretsa mawa.