Kalipentala wapatsidwa oda ya thabwa la mfuti: avomere kapena akane?

Funso: Ndine kalipentala, ndili ndi shedi yanga ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikupanga zitseko, mabedi ndi makabati. Bambo wina yemwe amayang'anira esiteti ina m'boma lino wandipempha kuti ndimusemere thabwa latsopano la mfuti yake ya .22 (ya zipolopolo zing'onozing'ono), lija limagwira zitsulo n'kumatsamira paphewa, chifukwa lakale linang'aluka. Akuti mfutiyo ili ndi chilolezo, ndipo akufuna thabwa lomuthandiza kulasa pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ndigwiritse ntchito matabwa anji, ndiikepo zotani, ndipo ndimulipiritse bwanji kuti ndisaluze?

Yankho: Bambo, musanagwire tchizulo, yambani mwapita kupolisi, ndipo mupite limodzi ndi mwini mfutiyo atanyamula chilolezo chake. Nkhani za mfuti m'dziko muno zili pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo lamuloli limayang'anira osati okhala ndi mfuti okha komanso amene amazigwira pofuna kuzikonza. Mawu oti "ili ndi mapepala" sakwanira. Pepalalo mulione ndi maso anu, ndipo nambala yolembedwa pamenepo igwirizane ndi yomwe ili pachitsulo. Muwafotokozere apolisi ntchito yomwe mwapemphedwa, muwafunse ngati mukuloledwa kuigwira komanso ngati pakufunika chilolezo china, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Akakana, nkhani yathera pomwepo. Akavomera, zitsulo za mfutiyo zisagone mu shedi yanu ngakhale usiku umodzi: mwiniwake azibwera nazo tsiku loyesa n'kubwerera nazo, inu n'kumatsala ndi thabwa lakale long'alukalo ngati chitsanzo choyezera.

Tsopano tibwere ku matabwa, chifukwa apa ndi pomwe ndalama yanu ingapindule kapena kulowa m'madzi. Inu mukudziwa bwino chitseko chomwe mu Januwale chimatupa mpaka munthu kuchikankha ndi phewa, koma pofika Okutobala chimagwedera chokha. Pachitseko, mwininyumba amangodandaula pang'ono n'kukuitanani kuti mudzapale. Pamfuti, kutupa kochepa kwambiri, koti diso silingaone, kumakankha mpope wa mfuti pang'ono, ndipo chipolopolo chimakagwera pena. Zomba ndi malo a chinyezi, mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako nkhungu ndi chiperoni m'miyezi yozizira, choncho chomwe kasitomala wanu akugula kwenikweni si kukongola ayi, koma thabwa losasuntha.

Paini wa paphiri la Zomba, ngakhale ali pafupi komanso wotsika mtengo, ndi wofewa ndipo masikuluwu amamira m'menemo. Mugwiritseni ntchito pophunzirira basi. Kunja, amisiri akhala akukonda mtengo wa walnut kuyambira kalekale, koma kuno tili ndi mlombwa, womwe umadziwika kuti ukauma bwino sufota kapena kupindika kwambiri, ndipo umasemeka mosavuta. Mbawa nayo ikhoza kugwira ntchito, ngakhale ineyo ndingasankhe mlombwa. Mitengo yachilengedweyi ndi yotetezedwa, ndiye mugule kwa munthu yemwe ali ndi mapepala a za nkhalango ndipo lisiti mulisunge. Thabwalo likhale louma ndithu. Amisiri amawerengera pafupifupi chaka chimodzi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa thabwa likamauma ndi mphepo, ndipo chidutswa chomwe mukufuna ndi cha mainchesi awiri ndi theka kapena atatu. Ngati mulibe makina oyezera chinyezi, liikeni pasikelo sabata iliyonse n'kulemba kulemera kwake ndi choko pathabwa pomwepo. Likasiya kupepuka kwa masabata angapo, ndiye kuti lauma. Yang'aninso mizere ya mtengo pamalo opyapyala aja ogwirapo dzanja. Mizereyo izitsata kutalika kwa thabwa, chifukwa ikapingasa ndi pomwe limadzang'alukira, ndipo sindingadabwe mutapeza kuti lakalelo linang'aluka pamenepo.

Njira ina, yomwe makampani monga Boyds ku America amagulitsa kwambiri, ndi yomata timatabwa topyapyala tambiri ndi guluu wamphamvu mpaka tikhale chidutswa chimodzi. Thabwa lotere limalemera koma silimva nyengo monga momwe limamvera lamtengo umodzi. Kwa munthu yemwe ali ndi makalampu okwanira komanso guluu wa epokisi, iyi ndi njira yabwino yopulumutsira zidutswa zomwe zikanangotayidwa.

Pa zoikapo, ndikulangizani kuti muyambire pa thupi la mwiniwake, osati pa zithunzi zomwe angakuonetseni pafoni. Muyeso woyamba ndi wochokera pa kachitsulo kokoka ndi chala kufika kumapeto kwa thabwa komwe kumatsamira paphewa. Mfuti zambiri za kufakitale zimabwera ndi mainchesi pafupifupi 13 ndi theka, omwe ndi masentimita 34, koma munthu wamfupi kapena wamikono italiitali amafuna wake. Wachiwiri, womwe ambiri amaunyozera, ndi kutalika kwa pamwamba pomwe amagonekapo tsaya. Ngati mfutiyo ili ndi galasi loyang'anira patali, diso limayenera kukwera, ndipo thabwa likatsika munthu amachita kusuzumira mutu uli lende, zomwe zimachititsa kuti aziphonya. Muuzeni atsinzine, aike mfuti paphewa, agoneke tsaya, kenako atsegule maso. Akaona m'galasimo bwinobwino osasuntha mutu, muyeso ndi umenewo; akapanda kuona, onjezerani makatoni ndi tepi mpaka zitheke, kenako muyeze. Kunja kuli mathabwa okhala ndi potsamira tsaya pokwezeka ndi kutsitsika, koma zitsulo zake n'zoitanitsa, ndipo mfuti ya munthu mmodzi siifunikira zimenezo ngati mwamuyeza bwino.

M'kati, momwe mumakhala zitsulo, ndimo muli ntchito yeniyeni. Gawo lomwe limamangidwa ndi masikuluwu liyenera kukhala thi, osagwedera ngakhale pang'ono, ndipo amisiri amathira epokisi pamenepo kuti pagwirane ndendende, ena n'kuikamo timapaipi tachitsulo modutsa masikuluwu kuti thabwa lisafinyike pomanga. Koma mpope wokha usakhudze thabwa. Poyesa, tengani K500 yapepala, muilowetse pansi pa mpope kutsogolo, n'kuikoka ndi manja awiri kubwerera nayo m'mbuyo. Ikakodwa penapake, palani pamenepo. Pomaliza, pakani mafuta a linseed kapena vanishi kunja ndi m'kati momwe, chifukwa chinyezi chimalowera kumene diso silifika. Tizitsulo tiwiri tokolekapo lamba n'tofunika. Labala lochindikala la kuphewa musavutike nalo, popeza .22 simenya phewa. Zokongoletsa zosemasema zimadya masiku ambiri ndipo sizithandiza kulasa, choncho akazifuna alipire padera.

Tsono za malipiro. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri kwa amisiri athu ndi kuwerengera kukula kwa chinthu m'malo mwa masiku omwe chadya. Thabwa la mfuti ndi laling'ono poyerekeza ndi bedi, ndiye mtima umati ulipiritse pang'ono. Werengani motere: kodi shedi yanu imakupatsani phindu la ndalama zingati patsiku mukachotsa zogulira zipangizo? Tiyerekeze kuti ndi K20,000. Ntchito yoyamba ngati iyi, kuphatikizapo kuphunzirira pa paini, ikhoza kukudyerani masiku 12 ogwira ntchito, kutanthauza K240,000 ya manja okha. Pamwamba pake ikani zidutswa ziwiri za mlombwa, osati chimodzi, chifukwa tchizulo ikaterereka kamodzi m'kati muja chidutswa chonse chatayika. Ikaninso epokisi, sandipepa, mafuta ndi thiransipoti ya kupolisi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu, koma njira yowerengera ikhale yomweyi.

Kasitomala akadzati mwakweza, mufunseni ngati anafufuza mtengo woitanitsa kunja. Makampani monga McMillan ku America amapanga za fibreglass, MDT ku Canada amapanga za aluminiyamu, ndipo zonsezo amagulitsa m'madola. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha m'madola chinakwera kwambiri, osanenanso za kuvuta kwa ndalama zakunja kumabanki, msonkho wa MRA, ndalama yotumizira komanso zilolezo zolowetsera katundu wokhudza mfuti. Pamenepo ndi pomwe pali mphamvu yanu pokambirana, ndipo musachite nayo manyazi.

Mulandire theka la ndalama musanayambe, kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo mulemberane papepala miyeso yomwe mwagwirizana, mtundu wa thabwa ndi tsiku lomaliza. Mu mgwirizanowo musalonjeze kuti mfutiyo izilasa bwino, chifukwa kulasa kumadaliranso zipolopolo, galasi, mpope wokalamba komanso dzanja la wowombayo. Lonjezani zomwe zili m'manja mwanu, monga kuti thabwalo likang'aluka kapena kupindika m'nyengo yamvula yoyamba mudzalikonza ulere.

Maganizo anga ndi oti, apolisi akalola, ntchitoyi muilandire ngati oda imodzi yapadera, yogwira m'miyezi yomwe maoda a zitseko achepa, koma musaimangire bizinesi. Anthu okhala ndi mfuti zovomerezeka ndi ochepa, ndipo thabwa labwino limakhala zaka makumi angapo, ndiye kasitomala yemweyo sadzabweranso msanga. Musatenge ngongole, kaya ya banki mkhonde kaya ya katapila, kuti mugulire makina a ntchito imeneyi. Tchizulo zakuthwa, tupa ndi chipiriro n'zokwanira. Dziwaninso kuti mbiri ikamveka kuti ku Chinamwali kuli mmisiri wa zimenezi, kudzabwera ena madzulo kuli kachisisira, atakulunga gogodela m'thumba la feteleza, akulonjeza ndalama yabwino yapompopompo. Amenewo muwabweze pakhomo pomwepo ngakhale mwezi utakhala wouma chotani, ndipo anyamata omwe mumagwira nawo ntchito muwauziretu zomwezo lero.