Mabushi a polyurethane ndi misewu yathu ino: kuyankha achimwene a ku Namwera

Kalata yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, achimwene, ndipo tulo tinachedwa kubwera. Mwafunsa ngati muchotse mabushi a labala (timapilo tija tokhala pamene zitsulo zogwira matayala zimalumikizana ndi galimoto) pa Hilux yanu n'kuikapo a polyurethane, amene ndi mtundu wa pulasitiki, poti a labalawo akumatha chaka chisanathe pa msewu wa ku Katuli. Funso limeneli ndinadzifunsapo inenso, ndipo yankho lake ndinalipeza movutika, usiku, mvula ikugwa, kupitirira Lungwena. Ndiye mundilole ndiyambire kumeneko.

Ine ndili ndi Land Cruiser 79, pikapu imene ndinagula kwa munthu itayenda kale. Ntchito yake ndi kukatenga usipa ndi utaka wouma kumadooko a ku Makanjira, kubwera nawo pa boma pano pa Mangochi, nthawi zina mpaka ku Limbe. Popita ndimanyamula ufa, shuga, simenti, malata, ndi anthu amene ndawapeza panjira. Amene anayendapo msewu umenewu akuudziwa. Ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukhotera kumanzere, wadutsa Malindi, ulendo wonsewo ndi wa makilomita pafupifupi 100, koma thupi limamva ngati wayenda 300. Chilimwe ndi mchenga, fumbi, ndi timabampu tondondozana ngati lata. Dzinja ndi matope ndi mitsinje yodzaza. Galimoto imapindika, tayala limodzi m'dzenje, lina pamwamba pa mtumbira, katundu ali tho kumbuyo.

Mabushi a kutsogolo, a pa radius arm (mkono wachitsulo wolumikiza ekiselo ku chasisi), anayamba kundisautsa chaka chachiwiri. Ukaponda buleki umamva gu! pansi pa mapazi, chiwongolero n'kumanjenjemera ukafika liwiro lina lake pa tala. Ndinasintha kawiri m'miyezi yochepa, ndalama zikungopita. Msuweni wanga amene amayendetsa thiraki ya ku Johannesburg ndiye anandiuza za mabushi ofiira a polyurethane. Anati kumeneko anthu a magalimoto a m'tchire amaika amenewa, oyilo sawadya, dzuwa siliwang'amba, ukaika waika. Ndinamutumizira ndalama, anabwera ndi seti yonse ya galimoto, m'bokosi lokongola, muli ndi kapaketi ka girizi woyera.

Makaniko amene amandikonzera ndi bambo wachikulire, ndimangowatchula kuti madala, ndipo galaja yawo ndi pansi pa mtengo wa mango. Anatenga bushi imodzi, anaidinikiza ndi chala chachikulu, anaiyesanso ndi chikhadabo, kenako anati, "Mwanawe, ichi sichigonja. Nanga mphamvu ikafika apa n'kukanizidwa, ipita kuti?" Ndinawayankha kuti ingoikani madala, azungu anayesa kale zimenezi. Sanatsutsane nane. Anaika.

Masabata oyambirira ndinasangalala kwambiri, sindibisa. Pa M10 kupita ku Monkey Bay galimoto inali ngati yatsopano, chiwongolero chomvera, osapepeluka pokhota. Kukwera mapiri a Chowe pa msewu wa kwanu ku Namwera, m'makona aja, sinkapendekekanso ngati kale. Ndinauza anzanga ambiri kuti agule. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, chifukwa awiri a iwo anandimvera.

Choyamba kusintha chinali phokoso. Kwii, kwii, pa bampu iliyonse, mwezi wachiwiri usanathe. Chachiwiri ndi amayi anga. Iwo amadwala msana, ndipo ndimakawatenga kumudzi mwezi ndi mwezi kubwera nawo kuchipatala pa boma. Tsiku limenelo anakhala kutsogolo, pampando wabwino, ndawayalira chitenje ndi pilo, koma titafika analephera kutsika okha. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Galimoto yakoyi yakwiya chiyani? Kale sinkandimenya chonchi." Amayi sadziwa bushi kuti n'chiyani, koma msana wawo unazindikira zimene ine ndinkakana kuvomera. Kugwedeza konse kwa timabampu tija, kumene labala ankameza, tsopano kunkadutsa m'chitsulo n'kufika m'mafupa a munthu.

Chachitatu ndi usiku uja. Munali mu Febuluwale, ndikuchokera ku Makanjira ndi matumba a usipa, ndi amayi atatu ochita geni amene anakwera pamwamba pa katundu atafunda lona. Powoloka kakhwawa kena galimoto inapindika monga imachitira nthawi zonse, ndiye ndinamva thyo! Chiwongolero chinakokera mbali imodzi. Nditalowa pansi ndi tochi ya foni ndinapeza chitsulo chimene chimagwira radius arm chang'ambika pafupi ndi powotcherera. Bushi yofiira ija inali bwinobwino, yosaphwanyika ngakhale pang'ono. Chimene chinagonja ndi chitsulo. Tinagona pomwepo. Amayi aja ananyowa usiku wonse, usipa wina unalowa madzi n'kuwonongeka, ndipo umenewo unali mpamba wawo wonse. M'mawa mnyamata wina anabwera pa njinga ya moto ndi jenereta ndi makina owotcherera, anagwiriza mongoti tikafike. Mmodzi wa amayiwo sanandinene chilichonse, anangokhala pa thumba lake lonyowa n'kumalira mwakachetechete. Ndinawabwezera zimene ndinatha, koma sizinakwane.

Wina anganene kuti chitsulocho chinali chotopa kale, galimoto ndi yakale, katundu anali wambiri. N'zoona zonsezo. Koma galimoto yomweyo inayenda msewu womwewo ndi katundu yemweyo nthawi yonse ija pa labala osang'ambika. Ndipo madala anali atanena kale.

Nditabwerera kwa iwo anandikhazika pa benchi, anatenga bushi yakale ya labala, anaicheka pakati ndi sowo kuti ndione. Bushi ya labala ili ndi kapaipi kachitsulo m'kati ndi chigoba chachitsulo kunja, ndipo labalayo anamatiriridwa ku zonse ziwiri. Tayala likakwera kapena kutsika, palibe chimene chikukhuzana ndi chinzake. Labalayo amangopotoka n'kubwerera, ngati mmene umapotolera nsalu pofinya. N'chifukwa chake safuna girizi, ndipo mchenga ulibe polowera. Bushi ya polyurethane imagwira ntchito mwina. Kapaipi kam'kati sikomatiridwa, kamazungulira m'kati mwa bushiyo, ndiye pamafunika girizi nthawi zonse. Kulimba kwake amayeza ndi muyezo wotchedwa Shore A. Labala wa mabushi amakhala cha m'ma 60, pamene polyurethane wambiri amakhala pakati pa 75 ndi 95. Kusiyana kumeneku pa tala ndi kokoma. Koma radius arm, kapena mkono uliwonse umene uyenera kupendekekera uku ndi uku galimoto ikamawoloka mgula, umafuna bushi yolola kupindika mbali zonse. Bushi ikakana, tayala limanyamuka m'mwamba msanga, galimoto imataya kugwira pansi, ndipo mphamvu yotsalayo imakathera pa mabawuti, pa zitsulo zogwirira ndi pa chasisi.

Ndisanamizire chinthucho kuti n'chachabe. Polyurethane anaitulukira Otto Bayer ndi anzake ku Germany mu 1937, ndipo lero ili m'matiresi, m'nsapato, m'mafiriji. Makampani ngati SuperPro ndi Nolathane a ku Australia, kapena Polybush ndi Powerflex a ku Britain, akhala akupanga mabushi amenewa kwa zaka zambiri ndipo amapanga olimba mosiyanasiyana, ena ofewerapo. Koma ndikamawerenga anthu akuyamikira pa intaneti ndimaona kuti ambiri galimoto zawo zimalowa m'tchire patchuthi, zikabwerako amazitsuka, kuzikweza, kupaka girizi. Ife galimoto ndi khasu. Imadzuka 4 koloko m'mawa, imagona 10 koloko usiku, sabata yonse. Malangizo a munthu wa patchuthi sangagwire ntchito kwa munthu wa matola, ndipo ndatopa kuona anyamata athu akutaya ndalama chifukwa cha kanema wa pa YouTube wojambulidwa kudziko lina. Makamaka masiku ano, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja mtengo wake ndi woliritsa, ndiye kugula chinthu cholakwika ndi kutaya chakudya cha ana cha miyezi.

Girizi ndi mchenga wa kunyanja

Apa ndi pamene anthu ambiri saganizira. Girizi amagwira fumbi. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja yathuyi ndi wosalala, umalowa paliponse, ndipo ukasakanikirana ndi girizi umasanduka ngati sandipepa. Ukawoloka mtsinje madzi amatsuka girizi wotsalayo. Kenako kapaipi kaja kamayamba kudyeka, bowo la bushi limakula, ndipo kugogoda kumene unkathawa kumabwereranso. Pamene tinamasula mabushi anga a kumbuyo, mapini a pa masipuling'i anali atadyeka ngati fupa limene galu wakukuta. Kuti upake girizi bwinobwino pa mabushi opanda kabowo kopopera, uyenera kumasula zonse. Ndani wa ife angaimike galimoto tsiku lathunthu miyezi iwiri iliyonse chifukwa cha zimenezo?

Chimene chikupha labala wanu

Ndikukayika ngati vuto lanu ndi labala, achimwene. Mabushi ambiri amene akugulitsidwa m'mashopu ndi m'misika ndi achinyengo, bokosi lolembedwa bwino koma m'kati labala wosapsa, wonunkha ngati pulasitiki wowotcha. Awiri aja ndinasintha ine anali otero, ndinadziwa mochedwa. Chinanso, amakaniko ambiri amamanga mabawuti a mabushi galimoto ili pa jeke, matayala akulendewera. Ikatsitsidwa, labala amakhala wopotoka kale galimoto isanayende n'komwe, ndiye amang'ambika m'miyezi yochepa. Bawuti ya bushi ya labala imamangidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Madala amaikweza pa matabwa n'kulowa pansi. Onaninso ngati oyilo wa injini kapena wa chiwongolero sakudonthera pa mabushi, chifukwa oyilo amafewetsa labala mpaka kukhala ngati phala. Mashokabuzoba akafa, mabushi ndi amene amalandira nkhonya zonse. Ndipo katundu, tinene zoona, tonsefe timapyola muyezo.

Pali anyamata aja amene amasema mabushi kuchokera ku matayala akale a thiraki. Anthu amawanyoza, koma ine ndimawalemekeza. Pa mashokabuzoba ndi pa masipuling'i a kumbuyo, bushi yawo inandifikitsapo kunyumba kangapo, ndipo ndimayenda nazo zinayi m'bokosi la masipanala. Pa mikono ya kutsogolo yokha ndiye ayi, pamenepo pamafunika yomatiridwa ku chitsulo.

Tsono Hilux yanu. Pa mikono ya kutsogolo, yam'mwamba ndi yam'munsi, ikani labala weniweni wa Toyota ngakhale akhale wodula, ndipo muimirire pomwepo pomanga kuti galimoto ikhale ili pansi. Pa stabiliser, chitsulo chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota, polyurethane ndi wabwino, ine ndinasiya ofiira aja pamenepo ndipo akadalipo. Pa masipuling'i a kumbuyo mukhoza kuika ngati mwapeza mapini okhala ndi kabowo kopopera girizi, ndipo mukudziwa mumtima mwanu kuti muzipopera mukangowoloka madzi. Ngati simungathe, labala. Seti ya galimoto yonse musagule.

Yanga ndinabwezeretsa labala pa mikono yonse ya kutsogolo sabata yomweyo, chitsulo chija madala anachidula n'kuikapo china. Mwezi wotsatira ndinakawatenga amayi, ndipo titafika pa boma anatsika okha, atagwira chitseko.