Za ku Dar ndikapenta zikutuluka zoferatu

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu, ndimapita ku Dar kukaoda zovala ku Kariakoo ndiye ulendo wapitawu ndinajambula zambiri pafoni, ma bajaji (tinjinga tamoto ta matayala atatu), ma daladala (maminibasi a kumeneko), azimayi a nsomba ku Kivukoni. Kufika kuno ndati ndizipente koma eee zikungotuluka ngati kalendala ya mugolosale. Vuto ndi penti kapena manja angawa? Mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Achemwali, penti musamunamizire, manjanso ali bwinobwino. Wakupusitsani ndi foni. Iyo sisankha, imangotola zonse, mawaya a magetsi, zikwangwani, ndowa ya munthu wodutsa, ndiye inu mukamakopera chilichonse chija chinakugwirani mtima pamalopo chimasowa.

Ulendo winawu tengani kabuku kolowa mchikwama ndi pensulo basi. Nthawi mumakhala nayo yambiri inu, mukawoloka pa Songwe muja mukudikira galimoto ku Kasumulu, kapena ngati mwakwera sitima ya TAZARA ku Mbeya yomwe imayenda usiku wonse mpaka kukacha, jambulani mphindi 5 zokha chinthu chimodzi, kaya mmene mayi wapindira msana pa beseni, nkhope isiyeni kaye. Pambali lembani mitundu ndi mawu anuanu, "bajaji yofiira ngati tomato wa ku Jenda", mukafika kunyumba mawuwo ndi amene akakukumbutseni. Koma pa boda penipeni kabukuko kakhale mchikwama, simukufuna mafunso. Ndipo munthu mupempheni kaye, ka "naomba" ("ndikupempha" m'Chiswahili) kamodzi sikadula.

Za penti wodula ndiye musandiuze nkomwe. Katswiri wopenta zithunzi Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 mu Dar momwemo ndi penti wa njinga pa timabodi ta siling'i, anamwalira mu 1972 koma mpaka lero anzake akupentabe ku Oyster Bay, mukapeza mpata kaoneni mmene amasanjira mitundu, wina uume kaye kenako wina pamwamba. Kungoti mbalame ndi akambuku amene iwo amapentawo musabwere nazo kuno, zadzaza kale mmisika ya alendo, ife tikufuna Kariakoo wanuyo ndi zikwama zake zija.

China, Mzuzu mukumudziwa chinyezi chake. June ndi July penti wa njinga amatha masiku ali nyatenyate, bola penti wa acrylic, wosungunula ndi madzi, amauma msanga, ndipo mapepala musatsamiritse kukhoma, amachita nkhungu. Akauma ikani mu pulasitiki pamwamba pa kabati.