Nimrod: jeti yolondera nyanja, yanji?

Achimwene, mwafunsa kuti Angerezi anasankhiranji ndege ya jeti kuti izisaka sitima za pansi pa madzi, chonsecho jeti imamwa mafuta kwambiri ikamauluka m'munsi. Simunalakwe. Omwe anapanga ndegeyo, Nimrod, analimbana ndi vuto lomwelo.

Mu 1964 asilikali a m'mlengalenga a ku Britain, a RAF, ankafuna ndege yolowa m'malo mwa Shackleton, ya mapulopela, yoyenda pang'onopang'ono komanso yaphokoso. Kampani ya Hawker Siddeley sinapange ndege yatsopano ayi, inatenga Comet 4 yonyamula anthu n'kuisintha. Anachotsa injini za Avon n'kuikamo zinayi za Rolls-Royce Spey, zosawononga mafuta kwambiri. Kunsi kwa thunthu anawonjezera mimba yachiwiri, momwe munali malo otalika pafupifupi mamita 15 oikamo mabomba ndi ma torpedo, zida zoyenda m'madzi zophulitsira sitima. Kumphuno kunali radar. Kumchira kunatuluka ndodo yaitali ya MAD, chipangizo chomwe chimamva maginito a dziko akasokonezedwa ndi chitsulo cha sitima. Vuto lake, chimamva pafupi pokha, n'chifukwa chake ndege imayenera kutsika mpaka kufupi ndi mafunde. Nimrod inauluka koyamba pa 23 May 1967 ndipo inayamba ntchito mu 1969.

Nanga za mafuta zija anatani? Popita, ndege inkauluka pamwamba ndi liwiro, kumene jeti siwononga mafuta, n'kufika msanga sitima isanasowe. Ikafika n'kutsika, oyendetsa ankazimitsa injini ziwiri n'kumazungulira ndi ziwiri zotsalazo. Kenako ankaponya m'nyanja ma sonobuoy, timachubu tomwe timayandama n'kutsitsa chomvera phokoso pa chingwe, ndipo zomwe tamva timatumiza ku ndege pa wailesi. Angapo akamva sitima imodzi, anthu a m'ndege amatha kudziwa pamene ili.

Koma chomwe chinadzavuta kwambiri si mafuta, ndi kumangowonjezera zinthu pa ndege yokalamba. Pa nkhondo ya Falklands mu 1982 anaiika mothamanga mapaipi olandirira mafuta ili m'mwamba. Pa 2 September 2006, Nimrod XV230 itangomwetsedwa mafuta kumwamba ku Afghanistan, mafuta anatayikira m'kachipinda ka pafupi ndi thanki nambala 7. Mmenemo munkadutsa paipi ya mpweya wotentha pafupifupi madigiri 400, ndipo munalibe chodziwitsa za moto kapena chozimitsira. Ndege inayaka n'kugwa pafupi ndi Kandahar, anthu onse 14 anamwalira. Lipoti la 2009 la Haddon-Cave, yemwe anatsogolera kafukufuku wa nkhaniyi, linapeza kuti ngoziyo ikanapeweka, kungoti ntchito younika chitetezo cha ndegeyi inachitidwa mosasamala. Zimenezi n'zowawa, chifukwa paipi ndi mafutawo zinakhala moyandikana zaka zambirimbiri.

Pulojekiti ya MRA4, yokonzanso ma Nimrod akale, nayo inagwa m'mbuna yomweyo. Mu 1996 anagwirizana zokonzanso ndege 21, kuziika mapiko atsopano ndi injini za BR710 koma mathunthu akale omwewo. Mathunthuwo anapangidwa pamanja kalekale, lililonse losiyana pang'ono ndi linzake, pomwe mapiko anajambulidwa pa kompyuta pa muyeso umodzi. Polumikiza, zinakanika kugwirizana. Nthawi inapita, mtengo unakwera, chiwerengero chinatsika mpaka 9. Mu October 2010 boma linathetsa zonse, ndalama zoposa mapaundi 3 biliyoni zitalowa kale, ndipo ndegezo zinaphwanyidwa ku fakitale ya ku Woodford. Kwa ine, kulakwa kunali poyambirira pomwe: amene wasintha mapiko ndi injini akupanga ndege yatsopano, thunthu lakale silimupulumutsira ndalama.

Panopa RAF ili ndi ma P-8A Poseidon 9 ku Lossiemouth ku Scotland, ochokera ku Boeing 737. Awa alibe ndodo ya MAD, amadalira radar ndi ma sonobuoy, ndiye safunika kukhalitsa m'munsi monga inkachitira Nimrod.