Kwa amalume: matumba awiri a feteleza, maekala atatu

Zikomo amalume, ndamva funso lanu. Mwati mwatumiza ndalama kwa agogo ku Santhe yogulira mbewu ya haibulidi ndi matumba awiri a feteleza, ndiye mukufunsa ngati zibweza pa maekala atatu aja. Ndisakubisireni, akamwaza fetelezayo munda wonse, ndalama yanu yapita. Thumba la NPK ndi la Urea ndi a ekala imodzi basi.

Ekala imeneyo ailime motere. Mizere italikirane masentimita 75, osati yotayana ngati ya fodya ija. Phando ndi phando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, ija timati Sasakawa. Akatero ekala imalowa mapesi pafupifupi 21,000, ndipo mbewu yake ndi makilogalamu 10. Ndikudziwa agogo adzati imodzi ikapanda kumera bwanji. Akapakize msanga, isanathe sabata chimanga chitamera. Zitatu paphando zimalimbirana chakudya ndi dzuwa, mapeto ake zisononkho zing'onozing'ono.

Pa feteleza ndi pomwe ambiri amaluza. Wokulitsa, NPK uja, alowe pobzala kapena chimanga chikangomera. Wobereketsa, Urea, pakatha masabata atatu chimerereni, munda uli wopalira kale, apo ayi mukudyetsa udzu. Muyeso wake tawerengani nokha: makilogalamu 50 kugawira mapesi 21,000, phesi lililonse likupeza pafupifupi magalamu awiri ndi theka, ngati theka la kasupuni ka tiyi. Aganyu akamathira ndi dzanja, thumba limathera pakati pa munda. Aboole kadzenje masentimita 10 kuchokera paphesi, athire, akwirire. Urea wosiyidwa pamtunda amauluka ndi dzuwa, wogundana ndi phesi amawotcha. Komanso dothi la ku Kasungu malo ambiri ndi lamchenga, mvula yamphamvu imatsitsa feteleza pansi pomwe mizu sifika, ndiye manyowa a m'khola aja asawasiye, amathandiza dothi kugwira chakudya ndi chinyezi.

Zonsezi zikachitika pa nthawi yake, mvula n'kugwa bwino, matumba 25 pa ekala si zachilendo. Koma haibulidi yemweyo akabzalidwa mochedwa ndi masabata awiri atatu, kupalira n'kuchedwanso, amafanana ndi chamakolo, pomwe inu mwalipira zambiri. N'chifukwa chake ndalama ya ganyu ndi yofunika ngati ya feteleza yomwe. Mvula ikachedwa kufika mkati mwa Disembala, agule mbewu yocha msanga monga ya Kanyani. Mbewu ya Njovu imabereka kwambiri koma imafuna mvula yaitali. Agule kwa ogulitsa ovomerezeka, paketi yomata bwino, chifukwa m'misika mumapezeka chimanga wamba chongopaka utoto. Ndipo za haibulidi zomwe akolole asadzabzalenso, mphamvu yake imatsika.

Palinso ntchembere zandonda, mbozi zowononga chimanga zija. Aziyendera munda kawiri pasabata, kusuzumira kunsonga kwa chimanga. Akaona masamba obooka ndi zonga utuchi, apopere m'mawa kwambiri kapena madzulo mbozi zikadali zazing'ono, mankhwala alowe m'kati mwenimweni mwa nsongamo.

Maekala awiri otsalawo ine ndikuti soya, kapena agawe ndi mtedza. Soya safuna Urea. Chofunika ndi inokulanti, kapaketi kotsika mtengo kaja ka tizilombo tothandiza mizu ya soya kupanga chonde: asakanize ndi mbewu pamthunzi, abzale tsiku lomwelo, chifukwa tizilombo take timafa ndi dzuwa. Abzale mizere iwiri pamwamba pa mzere umodzi, monga a zaulimi amaphunzitsira. Mapesi amachuluka pamalo omwewo ndipo amatseka udzu msanga. Mbewu ya soya yogonera chaka simera bwino, ndiye ayambe ayesa: abzale njere 100 pakhomo, awerenge zomera. Soya wa Tikolore amacha msanga, koma soya aliyense akauma asamusiye m'munda, amathetheka. Chaka chamawa chimanga chidzapite pomwe panali soya, chidzapezapo chonde, ndi kaufiti yemwe amachepa.

Tsopano za ndalama, poti n'zimene mwafunsa kwenikweni. Zokolola zikhoza kuchuluka koma m'thumba osaoneka kanthu, ngati agulitsa mu Meyi kwa mavenda, mitengo ili pansi, masikelo akenso okayikitsa. Soya ndiye agulitse kuti apeze zogwiritsa ntchito, makamaka pamodzi ndi anzawo a kukalabu kuti akhale ndi mawu pa mtengo. Chimanga asunge mpaka cha mu Januwale pomwe chimakwera. Matumba a PICS aja, a mapepala awiri m'kati, safuna mankhwala: nankafumbwe amafa posowa mpweya. Koma chimanga chiume kaye. Aike chodzaza dzanja m'botolo louma ndi mchere wouma, akhutchumule. Mchere ukamatirira m'mbali, sichinaume, chingachite chuku. Pepala lililonse alimange palokha, thumba likhale pathandala, kutali ndi makoswe, chifukwa likabooka basi ntchito yake yatha.

Ndiye ngati mungawonjezere kena kake amalume, isakhale ya thumba lachitatu. Itumizeni ya mbewu ya soya, inokulanti ndi ganyu wopalira, ifike mvula isanagwe. Ya matumba a PICS ikhoza kudikira mpaka Epulo. Mupereke moni kwa azakhali ndi ana.