Charger ya 1968 mpaka 1970: za maonekedwe ake, ndi mkangano wa Hemi ndi 440

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri pa chithunzi cha Dodge Charger yakuda chimene mwaika muno. Mukufuna kudziwa chaka chimene galimotoyo inapangidwa, popeza za 1968, 1969 ndi 1970 zimaoneka ngati za bere limodzi, ndipo mukufunanso kudziwa ngati n'zoona zimene ena akunena kuti Charger yopanda injini ya Hemi si Charger yeniyeni. Funso loyambalo ndi losavuta, koma pa lachiwiri ndichedwapo, chifukwa maganizo anga ndi osiyana ndi a anzathu amene ayankha kale.

Imene ili pachithunzi chanuyo ndi ya 1969. Taonani kutsogolo kwake, pamene pamalowera mphepo yopita ku rediyeta: malowo agawidwa pakati ndi kachigawo koimirira, ndipo pa zaka zitatuzi ndi chaka chimenecho chokha chimene anatero. Ya 1968 ili ndi kukamwa kumodzi kwakuda kochokera mbali ina kufika mbali ina, ndiponso nyali zinayi zobulungira kumbuyo, pamene ya 1969 nyali zake zakumbuyo ndi ziwiri zazitali zopingasa. Ya 1970 mudzaizindikira ndi bampala yonyezimira imene inazungulira kukamwa konseko ngati mkombero. Zonse zitatu nyali zake zakutsogolo zimabisika kuseri kwa tizitseko, ndipo pa zaka ziwiri zoyambirirazo tizitsekoto tinkatsegulidwa ndi mphamvu yoyamwa mpweya yochokera ku injini, mpaka mu 1970 pamene anaikapo mota ya magetsi. N'chifukwa chake mukaona yakale imene timapaipi take tinang'aluka, imaima diso limodzi lili chotsinzina ngati munthu amene tulo sitinamuthere.

Thupi limeneli, limene anthu amaliyerekeza ndi botolo la Coca-Cola chifukwa cha kuwonda kwake m'chiuno ndi kutukumuka kwake pamwamba pa matayala akumbuyo, analijambula makamaka Richard Sias, ndipo ndi limene linapulumutsa dzina la Charger. Mtundu woyamba, wa 1966 ndi 1967, unali utayamba kukanika pamsika, moti mu 1967 sanagulitse ngakhale magalimoto 16,000, koma mu 1968 anapanga oposa 90,000. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ineyo ndi galasi lakumbuyo, limene analilowetsa mkati pakati pa mizati iwiri ya denga yotsetsereka, kotero kuti mukaiyang'ana cham'mbali mumaona denga lotsika pang'onopang'ono mpaka ku buti, chonsecho galasilo laimirira ndithu. Komatu kukongola kumeneku kunali ndi mtengo wake. Pa mipikisano ya magalimoto ya ku Amereka yotchedwa NASCAR, kukamwa kolowa mkatiko kunkakola mphepo ngati thumba, ndipo galasi lija linkachititsa kuti kumbuyo kwa galimoto kuzipepuka ikafika pa liwiro lalikulu. Dodge inayamba yakonza vutoli ndi Charger 500, imene anaisalaza kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zitapanda kukwanira anatulutsa Charger Daytona ya mphuno yosongoka ndi phiko lalitali mainchesi 23, imene anapanga 503 zokha. Ndi Daytona imeneyi imene dalaivala wa mipikisano Buddy Baker anapitirira nayo liwiro la mamailosi 200 pa ola pabwalo la mipikisano la Talladega pa 24 Malichi 1970. Kunena mosapsatira, Daytona ndi yonyansa poiyerekeza ndi galimoto imene mwatijambulirayi, koma mphepo siyang'ana nkhope.

Tibwere ku injini. Manambala amene Amereka amatchulira injini zawo ndi kukula kwa masilinda onse pamodzi m'muyeso wa mainchesi, ndiye 440 ndi malita 7.2, pamene 426 Hemi ndi malita 7.0. Anthu ambiri amaiwala kuti Charger inkagulitsidwanso ngati galimoto wamba yopitira kuntchito, ya injini ya masilinda 6 ya 225 yotulutsa mahosipawa 145, kapena V8 (ya masilinda 8) ya 318 yotulutsa 230. Pakatikati panali 383, imene inkapereka 290 ikakhala ndi kabureta ya timabowo tiwiri, kapena 330 ikakhala ndi ya timabowo tinayi. Mtundu wothamanga unkatchedwa R/T, ndipo injini yake yobwera nayo inali 440 Magnum ya mahosipawa 375. Hemi, ya mahosipawa 425, munthu ankachita kuiitanitsa ndi kuwonjezerapo ndalama zopitirira madola 600 pa galimoto imene mtengo wake unali pafupifupi madola 3,500.

Palibe amene angakane kuti Hemi ndi injini yodabwitsa. Dzina lake likuchokera ku chipinda choyakira mafuta pamwamba pa pisitoni, chimene chinaumbidwa ngati theka la mpira, ndipo maumbidwe amenewa amalola kuti mavalavu akhale akuluakulu, oyang'anizana, pulagi ili pakati, kotero injini imapuma bwino kwambiri ikamazungulira mothamanga. Koma muyenera kukumbukira kumene inabadwira. Inapangidwira mipikisano, ndipo dalaivala Richard Petty anapambana nayo mpikisano wa Daytona 500 mu 1964 ali mu galimoto ya Plymouth. Chaka chotsatira NASCAR inailetsa chifukwa sinkagulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo n'chifukwa chake mu 1966 Chrysler, kampani imene inkapanga Dodge ndi Plymouth, inaifewetsa pang'ono n'kuiika m'magalimoto a mumsewu. Khalidwe la kubwalo la mpikisano silinaichoke. Inali ndi makabureta awiri akuluakulu ofunika kuwayanjanitsa mosamala, mavalavu ake ankafuna makaniko aziwatchuna pafupipafupi mpaka pamene anasintha kapangidwe kake mu 1970, ndipo ikamayenda pang'onopang'ono m'tauni mapulagi ankada ndi mwaye. Wogula Hemi sankaloledwa kuikitsa makina oziziritsira mkati mwa galimoto, komanso chitsimikizo cha kampani pa injiniyo chinali chachifupi kuposa cha injini zina. Mu 1968, pa ma Charger onse aja, amene anatuluka ndi Hemi sanafike 500.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupemphani musangoyang'ana mahosipawa okha. Mphamvu imene imakukankhirani kumpando mukaponda moto pochoka pa maloboti ndi ija yopotokola, imene amisiri amaitcha torque. Ya Hemi ndi 490 pa muyeso wa lb-ft, ndipo imafika pachimake injini ikamazungulira ka 4,000 pa mphindi, pamene ya 440 Magnum ndi 480, koma imafika pachimake pa 3,200 pokha. Kusiyana kwa 10 sikumveka m'thupi, koma kufika msanga kwa mphamvuyo kumamveka kwambiri, ndiye pamsewu wamba, pamene munthu alibe mtunda wautali woti injini ikuwe mpaka kumapeto, 440 yosamalidwa bwino inkatha kuichititsa manyazi Hemi imene sinatchunidwe bwino. Mu 1970 anabweretsanso 440 Six Pack, ya makabureta atatu a Holley a timabowo tiwiritiwiri, yotulutsa mahosipawa 390 ndi torque yofanana ndi ya Hemi. Poyenda mwachizolowezi imagwira ntchito ndi kabureta yapakati yokha, ndipo ziwiri zam'mbalizo zimatseguka pokhapokha dalaivala akapondetsa. Kwa ine imeneyi ndiyo injini yanzeru kuposa zonse zimene zinalowapo mu Charger.

Za liwiro, magazini ya Car and Driver itayesa Charger ya Hemi ya 1968 inapeza kuti inatha mtunda wa kota ya mailo, umene ndi mamita 402, m'masekondi 13.5, ikuthamanga mamailosi 105 pa ola, kumene kuli pafupifupi makilomita 169. Ya 440 inkathera mtunda womwewo chapafupi ndi masekondi 14. Pa nthawi imeneyo limeneli linali liwiro loopsa, koma lero pali magalimoto a banja amene amachita zomwezo mwakachetechete. Dziwaninso kuti mahosipawa onse ndatchulawa ankayezedwa injini ili pa benchi, yopanda katundu wambiri amene imakoka ikakhala m'galimoto. Mu 1971, chaka chomaliza cha Hemi ya mumsewu, Chrysler inalengeza manambala onse awiri, ndipo 425 uja anatsika kufika pa 350 poyeza injini ili ndi zonse zofunika.

Chimene zithunzi sizionetsa ndi kuvuta kwake poiimitsa ndi poikhotetsa. Galimoto yolemera makilogalamu oposa 1,600, injini yachitsulo ili kutsogolo, inkatuluka ndi mabuleki a dilamu pa matayala onse anayi pokhapokha wogula atalipira ena a disiki akutsogolo, ndipo kumbuyo kunali ekiselo imodzi yolimba yokhala pa masipulingi a masamba ngati a lole. Matayala a nthawiyo anali opyapyala, moti mphamvu yambiri inkangothera mu utsi. Pa R/T, giya inali ya otomatiki ya TorqueFlite ya magiya atatu, imene ili ndi mbiri yolimba kwambiri, kapena yosintha ndi dzanja ya magiya anayi.

Ngati mukufuna kudziwa injini imene galimoto ya pachithunziyo inatuluka nayo kufakitale, musakhulupirire zilembo zomata pathupi kapena mizere yozungulira kumchira, chifukwa ma Charger ambiri a 318 anavekedwa zimenezi pambuyo pake. Pemphani mwiniwake akujambulireni nambala ya galimoto imene ili pa dashibodi, mbali ya dalaivala, pansi pa galasi lakutsogolo. R/T yeniyeni imayamba ndi XS29, ndipo chilembo chachisanu ndicho chimanena injini: pa ya 1969 ngati yanuyi, L ndi 440 Magnum ndipo J ndi Hemi.