Kukagona m'tenti ku Nyika: kodi ana akaona nyama zanji?

Mphunzitsi wina wa ku Salima wanditumizira imelo. Iye ndi banja lake akufuna kukagona m'tenti ku Nyika pa holide ya mu Ogasiti, ndipo ana akungokamba za mikango ndi njovu. Akufunsa ngati akazione kumeneko, kapena angobwera kuno ku Nkhotakota poti ndi pafupi.

Aphunzitsi, anawo auzeni lero lomwe kuti mikango asaiyembekezere. Njovu ziliko, mu 2017 anawonjezerako 34 zochokera ku Liwonde, koma zimakonda nkhalango za m'munsi, pamwamba sizionekaoneka. Ngati mtima uli pa njovu basi, kwathu kuno n'kumene zili zambiri, chifukwa mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linabweretsa pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Vuto lake nkhalango yathu ndi yowirira. Mukhoza kumva nthambi zikuthyoka chapafupi, mwini wake osamuona.

Ine ndikuti pitani ku Nyika, chifukwa kumeneko nyama ilibe pobisala. Ku Chelinda, komwe kuli malo omangapo tenti, ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo mbali zonse ndi zitunda za udzu waufupi zongotsatizana mpaka maso kulekeza. Mwana amatha kuona mbidzi ali chikhalire pakhomo pa tenti. Mphoyo ndi zosasowa. Mbawala zimatuluka m'mphepete mwa mitengo ya paini madzulo, njiri nazo zimathamanga michira ili njo. Koma nyama imene ndimafuna mwana aliyense wa m'Malawi aione ndi chilembwe. Ndi yaikulu, makutu ake ataliatali, nkhope yakuda ndi yoyera, nyanga zopindikira kumbuyo. M'madera ambiri a mu Africa inasowa, pomwe ku Nyika imadya msipu poyera. Palinso ntchefu, zazikulu ngati ng'ombe, koma zamantha. Zikangoona galimoto yaima zimayamba kusuntha, ndiye anawo akhale chete.

Ogasiti ali ndi vuto lake. Nyengo yozizira nyama zambiri zimatsikira kumunsi kothawa chisanu, ndipo magulu aakulu amabwerera pamwamba mvula ikayamba. Simukabwerako chimanjamanja ayi, koma funsani alonda a nyama komwe kuli lupsa. Pamene patenthedwa udzu umaphuka wanthete, ndipo mbidzi ndi chilembwe zimasonkhana pomwepo. Yendani m'mamawa ndi chakumadzulo, makamaka kumadamu atatu a pafupi ndi Chelinda ndi ku nyanja yaing'ono ya Kaulime.

Usiku mudzamva afisi, mwinanso nkhandwe. Zakudya ndi mapoto muzitsekera m'galimoto, ndipo mwana asatuluke yekha m'tenti. Anyalugwe aliko ndithu, ndipo mwayi wowaona ndi kuyenda usiku pagalimoto ndi wotsogolera alendo wokhala ndi tochi yamphamvu. Musawalonjeze anawo zimenezi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi kuzizira. Inu a ku Salima mwazolowera kugona ndi chitenje chokha. Ku Chelinda mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo mu Ogasiti kumakhala kusanafunde kwenikweni. Mabulangete awiri aliyense, zipewa, masokosi, ndi matiresi woyala pansi, mphasa yokha siikwanira.

Ulendo ndi wautali: msewu wa M5 kudutsa kuno, Dwangwa ndi Nkhata Bay, kenako Mzuzu, Rumphi, Bolero mpaka pachipata cha Thazima. Kuchokera pachipatapo patsala makilomita pafupifupi 60 a msewu wafumbi, ndiye galimoto ikhale yokwera. Mafuta ndi zakudya mugulire ku Mzuzu kapena ku Rumphi, ndipo mugone kaye kumeneko kuti mukakwere phiri kukuwala.

Mukatha kudikira holide ya Khirisimasi, mudzapeza nyama zambiri pamwamba ndi maluwa akuthengo atayamba kuchanua, koma pamenepo mudzafunika galimoto yokoka mateyala onse anayi chifukwa cha matope.